Vela ya ku Limbuli

A Venâncio Mulewa anabadwira ku Majaua, koma ntchito anaiphunzirira m'munsi mwa phiri la Tumbine, m'galaja ya kampani ina ya tiyi pafupi ndi tawuni ya Milange. Mpwitikizi amene ankayang'anira galajayo sankaphunzitsa munthu. Zake zinali "gwira apa", "bweretsa icho", basi. Iwo anaphunzira ndi maso ndi makutu, mwakuti pofika chaka cha 1975, azungu akupakira katundu kubwerera kwawo, a Venâncio ankatha kumva injini ikudutsa kumsewu n'kunena chimene chikuivuta asanaione n'komwe.

Anali munthu wamtali, wochepa thupi, wamanyazi pagulu. Pamisonkhano ya chipani ankakhala kumbuyo, ndipo chibakera chawo chinkakwera mochedwerapo kuposa cha anzawo. Sikuti ankadana ndi boma latsopanolo ayi, koma nthawi zambiri maganizo awo ankakhala ali kwina.

Mwa zinthu zimene azungu anasiya munali njinga yamoto yofiira, ya matayala a manomano, imene kapitawo wamkulu ankayendera m'minda ya tiyi. Anthu ankangoti mota. Injini yake inali ya mtundu uja womwa petulo wosakaniza ndi oyilo, wolira mosokosa ndi kusiya utsi wabuluu kumbuyo. Boma linaipereka kuchipatala, ndipo linapereka a Venâncio pamodzi nayo, kuti aziiyendetsa ndi kuikonza. Ntchito yawo inali kunyamula namwino wa katemera, mayi Zulmira, kupita naye kumidzi kumene galimoto sinkafika. Mayi Zulmira anali a ku Mocuba, aafupi, osakonda kuseka, ndipo Chinyanja chawo chinkadzaza Chipwitikizi. Ankakhala kumbuyo atakumbatira bokosi la mankhwala, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi sanadandaulepo za mabampu ngakhale kamodzi. A Venâncio ankawatchula kuti anamwino, iwo n'kumawatchula kuti a mesitiri, kutanthauza mmisiri.

Pamutu pa injini ya mota pamamangidwa kachitsulo kotalika ngati chala, kokhala ndi dongo loyera longa la kapu ya tiyi. Ndi kamene kamathethetsa moto woyatsa petulo. Kutsidya kwa mtsinje, ku Malawi, amati pulagi. Ku Milange amati vela. Azungu atachoka anasiya mavela anayi m'kabati. Pofika 1981 m'masitolo munalibe sopo, munalibe mchere, ndiye vela akanaipeza kuti? A Venâncio anatsala ndi imodzi. Loweruka lililonse ankaimasula, kuichotsa mwaye ndi singano ya akazi awo, n'kuiika pamakala kuti oyilo apserere.

Mu Febuluwale wa 1982 kunabwera uthenga wochokera ku Molumbo wakuti chikuku chavuta, ana asanu ndi awiri apita kale m'midzi iwiri yokha. Katemera anafika Lolemba pa lole yochokera ku Quelimane. Palafini wa filiji ya kuchipatala anali wongokwana mpaka Lachinayi basi. Masana a tsiku lomwelo a Venâncio analiza mota kuti aimve. Inalira pang'ono, inatsokomola, n'kuzima. Atamasula vela anapeza dongo loyera lija litang'aluka kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Mlembi wa chipani pakati pa antchito a pachipatalapo anali mnyamata wina dzina lake Cândido, amene kale ankaphunzitsa sukulu. Sanali waulesi. Atamva za velayo anayenda tawuni yonse wapansi, ndipo Lachiwiri m'mawa anatulukira kushedi kumene mota inkagona, atanyamula vela yatsopano yokulunga m'pepala. Anali ataipeza m'sitolo ya magalimoto a boma, ndipo nkhope yake inali yowala.

A Venâncio anailandira ndi manja awiri, anaitembenuza, anasuzumira kumlomo kwake. Kenako anaigoneka pambali pa yakale ija pamwamba pa benchi.

"Iyi ndiye ayi, kamarada."

"Ayi bwanji? Kukula kwake n'chimodzimodzi. Ndayerekeza ndekha."

"Kulowa ilowa. Koma taonani mazinga akewa, atalika kuposa a inzakeyi. Nsonga ikatulukira m'kati, pisitoni pokwera izidzaigunda."

"Ikani mawashala, ikhale m'mwamba."

"Ngakhale titero. Iyi ndi vela yotentha, ya galimoto." A Venâncio anailozetsa kudzuwa kuti Cândido aone m'kati. "Mwaona kadongo koyerako, katalika mpaka kutulukira kunja? Kameneko kamasunga moto. Injini ya galimoto imapumira, imayatsa kamodzi n'kudumpha kamodzi. Iyi siipuma, imayatsa ulendo uliwonse pisitoni ikakwera. Pazitunda za njira ya ku Molumbo vela iyi ifiira ngati khala, ndipo iboola pisitoni. Pisitoni ina kulibe dziko lonse lino."

Cândido anatenga vela yake, n'kuikulunganso m'pepala pang'onopang'ono. Kuwala kuja kunali kutachoka pankhope.

"Benedito nayenso ankadziwa zambiri," anatero.

Aliyense ku Milange ankamudziwa Benedito. Anali woyendetsa thalakitala ya munda wa onse, ndipo tsiku limene injini yake inauma n'kuima anamuimika pamsonkhano n'kumutchula kuti wowononga dala chuma cha anthu. Anamutengera kumsasa wa kumpoto kuti akaphunzitsidwenso. Zaka ziwiri zinali zitadutsa, mkazi wake akudikirabe.

"Tamverani, a mesitiri," anapitiriza Cândido. "Ana akufa. Ine ndabweretsa vela, inu mwaikana. Mawa m'mawa mota inyamuke. Ikapanda kunyamuka ndilemba kuti munakana. Ikafera panjira, ndilembanso."

Anaisiya velayo pabenchi n'kutuluka.

A Venâncio anafika kunyumba dzuwa lisanafike pamutu, zimene sankachita. Akazi awo, mayi Hermínia, anali akupeta chimanga pakhomo, ndipo atangowaona anaika lichero pansi.

"Kwagwanji, bambo a Adelaide?"

Anafotokoza zonse atakhala pamwala, manja ali pakati pa maondo. Mayi Hermínia anamvetsera osawadula mawu. Mchimwene wa mayiwa, a Lino, ankagwira ntchito m'galaja ya esiteti ina ya tiyi kutsidya, ndipo ankakhala kufupi ndi msika wa Limbuli. Onse awiri ankadziwa zimenezo, ndipo ankadziwanso kuti kuoloka popanda chikalata cha ulendo n'kubwera ndi katundu ndi mlandu wa kandonga, umene anthu ankamangidwa nawo.

"Chikalata angakupatseni?"

"Wosayina wake ndi Cândido yemweyo."

Mayi Hermínia anathira chimanga chija m'dengu, anapinda nsalu kupanga nkhata, n'kusenza.

"Azimayi timaoloka tsiku ndi tsiku kupita kuchigayo. Inu muvule malaya a ntchitowo, muvale ong'ambika aja, munyamule kathumba aka. Mukafunsidwa, ndinu mwamuna woperekeza mkazi chifukwa madzi achuluka."

Madzi anali atachulukadi. Anadutsa m'minda ya chinangwa, kutali ndi geti la pamalire, mpaka pamalo pamene azimayi ankaolokera. Mtsinje unali wofiira ndipo unkafika m'chifuwa. Pakati penipeni mwendo wa a Venâncio unaterereka pamwala, ndipo anali mayi Hermínia, dengu lili pamutu, amene anawagwira pamkono.

A Lino anawapeza pageti la esiteti nthawi yopuma masana. Atamva nkhaniyo anapukusa mutu, anapempha chilolezo kwa kapitawo ponena kuti kunyumba kwagwa zovuta, n'kuwatengera kwawo. Pansi pa bedi anatulutsa chitini chakale cha penti chodzaza mapulagi otayidwa kuntchito. Iliyonse inali ndi kadontho ka penti wobiriwira, chizindikiro chimene esitetiyo inkaika pa zitsulo zake zonse.

"Sankhani, alamu. Ine nditati ndinene, tengani iyi ya nambala eyiti. Njinga za akapitawo athu zimayendera imeneyi."

"Nambala imanama, alamu. Za ku Japani nambala ikamakwera ndiye kuti zikuzizira. Za ku Jeremani ikamakwera ndiye kuti zikutentha. Ndiye eyiti wa ndani?"

Anakhuthulira chitini chonse pamphasa pabwalo. Anali atabweretsa kaudzu kouma kamene anathyola molingana ndi mazinga a vela yakale ija, ndipo anayeza nako imodziimodzi. Zazitali anaziponya kumanzere, zong'aluka nazonso kumanzere. Mayi Hermínia anapita kuchigayo n'kubwerako, iwo akadali pamphasa pomwepo. Mwa mapulagi oposa makumi atatu, anatsala ndi awiri okha.

Imodzi inali yooneka bwino, pafupifupi yatsopano, koma kadongo kake kanali kakafupi kwambiri, kobisala m'kati. Imeneyo inali yozizira. Pamsewu wouma, mota ikuthamanga, ikanagwira ntchito bwino. Koma m'matope, poyenda pang'onopang'ono, sikanatha kuwotcha oyilo. Ikanada, kunyowa, n'kuzima. Inayo inali ndi kadongo ka msinkhu woyenera, kofanana ndi ka yakale ija, koma inali yokalamba, nsonga yake itadyeka mpaka kubulungira.

"Yakufa imeneyo," anatero a Lino. "Ndinaitaya ndine ndemwe."

"Tabwerekeni tupa."

Anapala nsongayo mpaka inakhalanso ndi m'mbali mwakuthwa, anagogoda kalilime kake pang'ono, n'kuyeza mpata wake ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Poyesera panalibe. Ngati inali yakufadi m'kati, akanadziwira mawa lake pamaso pa Cândido. Anatenga zonse ziwiri, anazikulunga m'kansanza, n'kuzikwirira pakati pa ufa m'dengu.

Pobwerera, atangotuluka m'madzi, anapeza amilisiya awiri atakhala pansi pa mtengo wa mango, mfuti zili pamiyendo.

"Tulani, mayi."

Mayi Hermínia anatula dengu, nkhata anaigwira m'manja n'kumapukutira nayo madzi kumaso. Mmodzi wa amilisiyawo anapinda malaya n'kulowetsa mkono mu ufa mpaka m'chigongono. Anafufuza mbali iyi, anafufuza mbali iyo, anafika mpaka pansi. A Venâncio anaima pambali. Ankangoyang'ana mkonowo, kudikira kuti utuluke ndi kansanza kaja.

Unatuluka wopanda kanthu, woyera ndi ufa.

"Nanga bamboyu akunjenjemera chiyani?"

"Malungo," anayankha mayi Hermínia. "Ndawauza kuti asalowe m'madzi, sakumva."

Amilisiyawo anatapa ufa wodzaza chipewa n'kuwauza kuti azipita. Atayenda mtunda ndithu, mayi Hermínia anakweza dzanja n'kugogoda nkhata imene inali pamutu pawo, pansi pa dengu.

"Ndinazisamutsira munkhatamu muli kutsazikana ndi achimwene. Ndikanakuuzani, maso anu akanangokhala pamutu panga."

Lachitatu m'mawa kushedi kunali anthu atatu. Mayi Zulmira anali atafika kale ndi bokosi lawo, katemera ali m'kati pakati pa zibuluma za ayezi. A Venâncio anali atapala penti wobiriwira uja ndi mpeni dzulo lake, ndipo anatulutsa vela yokalamba ija m'thumba mofulumira kuti aimange. Cândido anatambasula dzanja.

"Tabweretsani ndione."

Anaiyang'ana nthawi yaitali. M'timizere ta zilembo zosindikizidwa pachitsulo munali mutatsalira penti pang'ono.

"Mwaitenga kuti?"

"M'zinyalala zakale za kugalaja ya kampani."

"Bambo anga anagwira ntchito kukampaniko zaka makumi awiri. Penti wa kumeneko anali wachikasu."

Panja tambala analira, ndipo wina ankasesa khonde la chipatala.

"Kamarada," anatero mayi Zulmira, "ayezi sadikira msonkhano."

Cândido anabweza velayo. "Mukabwerako mudzandipeze," anatero.

A Venâncio anaimanga, anavundikira waya wake, anatsegula petulo. Anaponda kiki kamodzi, zii. Kachiwiri, kachitatu, zii. Thukuta linayamba kutsika m'khosi. Ulendo wachisanu injini inangoti phu, n'kukhalanso chete. Wachisanu ndi chiwiri inalira, utsi unadzaza shedi yonse, ndipo mayi Zulmira anakwera osadikira kuuzidwa.

Atakwera chitunda choyamba chachitali a Venâncio anazimitsa dala, n'kumasula vela ndi sipanala, ataigwira ndi kansanza. Nsonga yake sinali yoyera, sinalinso yakuda. Inali ya mtundu wa tiyi wothira mkaka pang'ono.

"Zili bwanji, a mesitiri?"

"Yagwirizana nayo."

Koma kutsogolo mvula inali itagwa masiku atatu. Msewu unasanduka phala. Kwa maola awiri anayenda pa giya yoyamba, miyendo ili pansi, mota ikutsetsereka uku ndi uku. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu anatulukira pakamsika kena kamene ankakonda kuimapo kugula nthochi. Tsikulo kunalibe munthu. Sitolo ya boma inali itapsa, denga litagwera m'kati, ndipo mitengo yake inkafukabe utsi. Nkhuku kunalibe, galu kunalibe. M'matope munali mapazi ambiri a nsapato zazikulu, onse olunjika kumtsinje umene unali kumunsi kwa msewu.

Pomwepo injini inadukiza kawiri, n'kuzima.

Bata limene linatsatira linali loopsa kuposa phokoso lija. A Venâncio anagwada m'matope, anazula waya, anamasula vela. Kansanza kaja kanali katagwa penapake, ndiye anaigwira ndi zala zokha, ndipo anamva khungu likupsa koma sanaitaye. Pakati pa nsonga ndi kalilime panali patamera kakhala kakang'ono ngati njere ya mapira, kolumikiza ziwirizo. Moto unalibe podumphira.

"Muli ndi ina m'thumba," ananong'ona mayi Zulmira. "Ikani inayo, tizipita!"

"Inayo ndi yozizira. M'matope muno itifikitsa paja pali mtengo paja, basi, izime."

"A mesitiri!"

"Mundipatse singano."

Mayi Zulmira anazula pini imene inamanga duku lawo. A Venâncio anailandira, koma kawiri konse piniyo inaphonya mpata. Ulendo wachitatu kakhala kaja kanathothoka. Anauzira, anamanganso, ndipo mwendo unali utakwera kale pa kiki pamene mawu anachokera m'nthochi za kuseri kwa sitolo.

"Musalize!"

Anali mayi wina wachikulire, atagwada pakati pa masamba, matope thupi lonse. Analankhula m'Chilomwe, motsitsa mawu kwambiri. Anati anthu a mfuti a m'tchire, olimbana ndi boma, afika m'mawa womwewo, atenga mchere ndi nsalu za m'sitolo, atenganso anyamata anayi kuti awanyamulire. Panopa ali kumtsinje, akuphika mbuzi. Phokoso la mota analimva ndithu, koma mwina akuyesa kuti yadutsa.

"Kankhani mpaka pamwamba apo. Kuseri kwake n'kotsetsereka."

"Tiyeni limodzi, mayi," anatero mayi Zulmira.

"Mwana wanga ali nawo kumeneko. Ndikudikira ndione kumene alowere."

Anakankha. A Venâncio anagwira zigwiriro, mayi Zulmira anamangirira bokosi kumsana ndi chitenje n'kumakankha kumbuyo. Matope ankamata m'matayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, ndipo ankaima, kukokolola ndi manja, n'kuyambanso. Tcheni chinkalira pang'ono, ndipo kwa iwo kulirako kunkamveka ngati belu la kutchalitchi. Kumunsi, kuseri kwa mitengo, utsi woonda unkakwera, ndipo nthawi ina anamva munthu akuseka. Nsapato imodzi ya mayi Zulmira inatsalira m'thope. Sanabwerere.

Pamwamba pa chitundacho nthaka inali ya miyala, youmirapo. Anakwera onse awiri, a Venâncio anaika giya yachiwiri atagwira kilatchi, n'kuisiya mota kuti itsetsereke yokha. Inayamba pang'onopang'ono, kenako inathamanga. Anadikira mpaka mphepo itayamba kulira m'makutu, n'kutaya kilatchi. Gudumu lakumbuyo linakhukhuluzika, injini inabangula.

Kumbuyo kunamveka kukuwa, kenako mfuti kawiri. Sanacheuke. Anapotokola mafuta mpaka pamapeto ndipo sanabweze dzanja kwa nthawi yaitali, potsika ndi pokwera pomwe, injini ikulira mwa mtundu umene anali asanailizepo chiyambire. Makutu awo ankangodikira kaphokoso kaja kokhala ngati misomali ikugwedezeka m'chitini, kamene kamabwera pisitoni isanabooke. Sikanabwere.

Anafika ku Molumbo dzuwa litapendeka. Potsegula bokosi anapeza ayezi atatsala kachibuluma kamodzi kosambira m'madzi ozizira. Mayi Zulmira sanakhale pansi. Anayamba kubaya ana pakhonde la sukulu ali ndi nsapato imodzi, ndipo anapitiriza mpaka mabotolo onse anatha. A Venâncio anauza asilikali a pamenepo zimene anaona kumsika kuja, kenako anakakhala pambali pa mota, zala zitatu zotupa matuza zili m'kapu ya madzi. Za mayi wa m'nthochi uja ndi mwana wake sanamvenso kanthu, ngakhale anafunsa kangapo miyezi yotsatira.

Anabwerera Lachisanu, kutsatira lole ya asilikali. Loweruka m'mawa a Venâncio anasamba, anavala malaya oyera, anauza akazi awo kumene anabisa sipanala zawo, n'kupita okha kwa Cândido.

Anawasunga masiku asanu ndi anayi m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi ina ya boma. Sanawamenye. Tsiku lililonse munthu wina wochokera ku Quelimane ankawafunsa mafunso omwewo: anaoloka ndi ndani, anakumana ndi ndani kutsidya, ndipo zinatheka bwanji kuti adutse pakati pa anthu a mfuti osagwidwa. Funso lomalizali ndi limene linkawaopsa kwambiri. Iwo ankayankha chimodzimodzi, kuti anaoloka okha, ndipo velayo anaitola pamulu wa zitsulo kumsika wa Limbuli. Dzina la a Lino kapena la akazi awo silinatuluke pakamwa pawo.

Mayi Zulmira ankabwera m'mawa uliwonse n'kuima pakhomo la ofesiyo atanyamula bokosi lopanda kanthu. Sankakuwa. Ankangofunsa kuti katemera wa ku Majaua apita ndi ndani, popeza anthu atatu anali atayesa kuliza mota ija n'kulephera. Tsiku lachisanu ndi chinayi, Cândido mwiniwake anabwera kudzatsegula chitseko.

Chilango chinali chakuti aime pamsonkhano wa antchito onse n'kuvomera kuti analakwa kuoloka malire popanda chilolezo, ndiponso alime m'munda wa onse Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri. Anavomera ndi mawu otsika mwakuti a kumbuyo anapempha kuti abwereze. Msonkhano utatha Cândido anawatsatira kushedi ali ndi pepala ndi pensulo.

"Ndiuzeni mtundu weniweni wa vela imene imafunika. Ndilembera ku Quelimane."

A Venâncio anamuuza utali wa mazinga, anamujambulira kadongo kaja ndi msinkhu wake. Cândido analemba zonse mosamala, anafunsanso kawiri za kutentha ndi kuzizira kuja mpaka anamvetsa. Kalatayo inapita, ndipo inatsatiridwa ndi zina ziwiri. Palibe chinabwera.

Vela yokalamba ija inagwira ntchito mpaka mvula inatha. Chilimwe, misewu itauma, anaika yozizira ija, ndipo ankangopewa kuyenda pang'onopang'ono. Mvula yotsatira anabwezeranso yokalamba. Anasinthasintha choncho mpaka 1984, pamene njira ya ku Molumbo inatsekeka chifukwa cha nkhondo, kenako ya ku Majaua, ndipo mota inangokhala m'shedi itafundidwa chiguduli. Mayi Zulmira anasamutsidwira ku Mocuba chaka chomwecho. Potsazika anagwira a Venâncio dzanja nthawi yaitali.

Mu 1986 nkhondo inalowa m'tawuni mwenimweni. A Venâncio, mayi Hermínia ndi ana awo anayi anaoloka pamodzi ndi khamu la anthu, iwo atasenza bokosi la sipanala, ndipo anakhala zaka zisanu ndi ziwiri kumsasa wa othawa nkhondo pafupi ndi Muloza. Kumeneko ankakonza zigayo ndi mijigo. Za Cândido anthu ankanena zosiyanasiyana: ena ankati anamuona ku Quelimane, ena ankati sanatuluke m'tawuni tsiku lija. A Venâncio akafunsidwa ankangoti anali mnyamata wolimbikira ntchito.

Atabwerera mu 1993, tsiku lachiwiri lomwe anapita kuchipatala kukaona shedi ija. Malata anali atachotsedwa, chitseko kunalibe, ndipo pakati pa chipindacho panali patamera mtengo wa papaya wautali kuposa makoma, uli ndi zipatso. Anaima pakhomo kanthawi, kenako anapita kumsika kukafunsa ngati pali malo oti munthu angayalepo zitsulo zake n'kumakonza njinga zakapalasa.